Wailesi zachuluka, koma ndani akujambula nyimbo za ku Thyolo?

Wailesi ya MBC itakhazikitsidwa mu 1964, anthu othyola tiyi m'minda ya Satemwa, Conforzi ndi Naming'omba ku Thyolo analibe wailesi ina ya m'dziko muno yoti atsegule. Kwa zaka zoposa 30, zimene MBC inkasankha ndizo zinkamveka m'nyumba za antchitowa.

Ambiri mwa iwo ndi Alhomwe, koma kuyambira mu 1968 wailesiyi inkaulutsa m'Chichewa ndi m'Chingerezi mokha. Nkhani za m'Chilhomwe zinadzayamba kumveka mu 1996. M'zaka zapakatizi, nyimbo ndizo zinkanyamula mawu a anthuwa. Antchito a MBC ankayendera madera ndi makina ojambulira, ndipo pulogalamu ya Nyimbo za M'maboma inkafikitsa magule a kumudzi kwa omvera a dziko lonse. Allan Namoko, woimba wosaona wa ku Thyolo yemwe ankaimba banjo ndi gulu la Chimvu River Jazz Band, anadziwika kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa chifukwa cha wailesi yomweyi. Iye anamwalira mu 1995.

Ndale za zipani zambiri zitabwera, zinthu zinasintha. MBC Radio 2 inayamba mu 1997, bungwe la Macra mu 1998, Capital FM mu 1999 ndipo Zodiak mu 2005. Lero ku Thyolo kumamvekanso Mzati FM ya ku Mulanje, yomwe imapereka mpata ku Chilhomwe.

Komabe kuchuluka kwa wailesi sikunachulukitse ntchito yojambula. Kuulutsa nyimbo imene woimba wabweretsa yekha n'kosaboola m'thumba, pamene kutumiza anthu ndi zipangizo kumudzi kumafuna galimoto ndi mafuta, zomwe wailesi zodalira malonda ochepa zimavutika kupeza. Zotsatira zake, wa ndalama zolipira situdiyo ku Blantyre ndiye amamveka, ndipo woimba banjo wa malipiro a m'munda wa tiyi amatsalira.

Gule wa tchopa anazindikiridwa ndi Unesco mu 2014, koma ulemuwo sujambula mawu a oimba amene akukalamba. Makampani a tiyi, omwe amathandiza kale masukulu ndi zipatala, angathe kulipirira pulogalamu yojambula oimba a m'minda yawo, ndipo bungwe la Cosoma lingawalembetse kuti azilandira ndalama nyimbo zawo zikaulutsidwa. Popanda zimenezi, Namoko wa m'badwo uno adzangodziwika m'mudzi mwake.