Safunsa Anadya Phula

Pa msika wa ku Chiponde, kumalire a dziko lathu ndi Mozambique, munthu sagula nsalu asanafunse mtengo kwa ogulitsa awiri kapena atatu. Nanga bwanji pa nkhani ya kubereka, imene iposa nsalu zonse, timakhutira ndi mau a munthu mmodzi?

Taganizani za mai amene wakhala pabanja zaka zisanu wopanda mphatso ya mwana. Mwezi ndi mwezi akamasamba amabindikira m'nyumba, m'mimba mukupota koti sangathe kusenza ndowa. Kuchipatala anampatsa mankhwala oletsa ululu, namuuza kuti akazi onse amatero. Apongozi akunong'ona kuti ndi chumba, mwamuna wayamba kuponya maso kwina. Akati akaonane ndi dokotala wina, abale amkalipira: "Kodi iwe udziwa kuposa adokotala?" Ine nditi okalipirawo ndiwo olakwa.

Pali nthenda yotchedwa endometriosis. Minofu yofanana ndi ya m'kati mwa chiberekero imamera kunja kwake, pa mabasiketi a mazira ndi pa njira zimene mazirawo adzera. Imatupa pa nthawi yosamba, nisiya zipsera zimene zingatseke njirazo. Bungwe la WHO likuti nthendayi imagwira pafupifupi mkazi mmodzi mwa 10 alionse a msinkhu wobereka, ndiye kuti akazi ngati 190 miliyoni. Siioneka pongogwira pamimba. Pamafunika makina ounikira m'kati, mwinanso opaleshoni yaing'ono yolowetsa kamera pafupi ndi mchombo. Ndicho chake ambiri amavutika zaka zambiri osadziwa dzina la chimene chiwasautsa.

Ife a kufupi ndi nyanja tili ndi chifukwa chinanso chofunsira kawiri. Likodzo, limene lafala m'boma la Mangochi, silithera m'chikhodzodzo mokha; mazira a tizilombo take amakakhalanso m'ziwalo zoberekera, nabweretsa ululu ndi kusabereka. Mankhwala ake ndi praziquantel, amene sathandiza konse wodwala endometriosis. Tsono ululu umodzimodzi ungachokere ku nthenda ziwiri zosiyana. Ndiponso vuto lingakhale la mwamuna. Kodi ndi amuna angati, mwa amene atcha akazi ao chumba, anapita kukayezetsa mbeu yao?

Ena ati kufunsa dokotala wachiwiri nkunyoza woyamba. Si choncho ai. Dokotala woona adziwa kuti mutu umodzi susenza denga. Ndicho chake zipatala zazing'ono zimatumiza odwala ku chipatala cha boma ku Mangochi, ndipo cha ku Mangochi chimawatumiza ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kuli akatswiri a matenda a amai. Kupempha kalata yokutumizani kumeneko si mwano.

Ena ati ulendowo ndi wodula. Zoona, ngwodula. Koma werengani nkhuku, mbuzi ndi ndalama zimene zathera kwa asing'anga, amene pomaliza aloza chala nkhalamba yosalakwa. Za kumeneko zimapezeka msanga. Za basi yodzera ku Namwera kutsikira ku Mangochi ndizo zisowa?

Mukapita, pitani awiri, mutenge buku lanu la kuchipatala, ndipo munene poyera kuti mukufuna mwana, pakuti mankhwala ena ochepetsa ululu wa nthendayi amaletsanso kutenga pathupi. Funsani dzina la nthenda, chimene chapimidwa ndi chimene chatsala. Musazengereze, popeza mphamvu yobereka imachepa ndi zaka.

Sindikulonjeza kuti dokotala wachiwiri adzakupatsani mwana. Endometriosis ilibe mankhwala oithetseratu, ngakhale ambiri oidwala amabereka, ena atachitidwa opaleshoni. Mwina wachiwiriyo adzanena zomwe ananena woyamba. Zikatero, mudzasenza mtanda wodziwika dzina, popanda kunamizira munthu. Ndipo kumbukirani zimene Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican unaphunzitsa mu 1965, kuti ukwati ukhalabe ukwati weniweni ndi wosamasulika ngakhale ana atasowa.

Inu ankhoswe, inu akulu a m'miphakati, banja lotere likakufikirani musafulumire kuzenga mlandu wa mkazi. Yambani mwafunsa ngati awiriwo anapimidwa, ndi kwa yani. Ngati ndi kwa mmodzi yekha, sonkhani ya basi.