ZA M'MIDZI: Kabokosi Kodya Mabatire ku Shikabeta

Ku Shikabeta, m'dziko la Asoli m'boma la Rufunsa, banja lina linakhala pa mlandu madzulo atatu cifukwa ca kabokosi kotuwa kokwana m'thumba la jekete. Anabwera nako ndi malume wa pa banjapo amene agwira nchito ku Lusaka. Iye anakatola pa salaula pa mtengo wocepa, nakapatsa mphwake wa zaka 13, osadziwa kuti walowetsa njoka m'nkhokwe.

Kabokosiko dzina lake ndi Game Boy. Kampani ya Nintendo ya ku Japan inayamba kukagulitsa mu 1989, ndipo amene anatsogolera amisiri ake anali Gunpei Yokoi. Anasiya kukapanga mu 2003, kotero kuti kamene kanafika ku Shikabeta ndi kakulu msinkhu kuposa mwini wake. Kali ndi kagalasi kobiriwira kopanda nyali, ndipo usiku wosewera ayenera kuyandikira koloboyi. Cakudya cake ndi mabatire anai aang'ono, amene m'sitolo awalemba AA. Pamenepa ndi pamene panagona mlandu, pakuti mabatire omwewo ndiwo alankhulitsa kawailesi ka ambuya ake a mnyamatayo.

M'kabokosimo munali kakaseti kamodzi kokha, ka sewero la Castlevania: The Adventure, limene kampani ya Konami inatulutsa mu 1989. Wosewera ayendetsa kamunthu dzina lake Christopher Belmont, kamene kapita ndi cikoti cokha kukamenyana ndi Dracula m'linga lake. Ambuya atamva kuti Dracula ndi woyamwa magazi anasunthira mphasa yao kutali, pokumbukira mbiri ya banyama imene inali kuopsa anthu m'masiku a Northern Rhodesia. Koma Dracula si mfiti ya kuno. Ndi munthu wa m'nthano ya m'buku limene Bram Stoker analemba mu 1897.

Seweroli lili ndi zigawo zinai zokha, koma ndi louma mtima. Christopher ayenda ngati wasenza thumba la cimanga, ndipo kulumpha kwake n'kwakufupi, kotero kuti pa dzenje lililonse wosewera ayenera kuima pa nsonga yeniyeni asanadinde batani. Pokwapula makandulo a m'njira, cikoti cikula mphamvu kawiri: coyamba citalika, kenaka ciyamba kulavula moto. Tsono mdani akangomukhudza kamodzi, mphamvu ija itsika. Wolakwa kamodzi afooka, ndipo wofooka alakwanso. M'cigawo caciwiri maso akuluakulu agudubuzika pa ulalo. Mnyamata anawakwapula mokondwa, osadziwa kuti diso likaphulika liboola ulalo womwe iye ati aponde. Anagwa kambiri asanaphunzire kuti adani ena ndi ofunika kuwalumpha cabe.

Cigawo cacitatu ndico cinamsowetsa tulo. Kumeneko zisonga zakuthwa zikwera kucokera pansi pamene Christopher akwera zingwe mwaulesi wake uja, ndipo atafika pamwamba, khoma la zisonga limthamangitsanso cam'mbali. Palibe nthawi yoganiza. Njira iyenera kukhala m'zala kale. Mnyamatayo anajambula njira yonse kumbuyo kwa buku la masamu, cingwe ndi cingwe, polumpha ndi podikira, ndipo kunena zoona mapu amenewo anali audongo kuposa masamu a kutsogolo kwa bukulo.

Kodi n'cifukwa ciani amisiri anaumitsa sewero cotere? Wodziwa njira atha kulimaliza ola lisanathe. Kakaseti ka masiku amenewo sikanali kunyamula zambiri, ndipo sewero lalifupi likakhala lofewa, wogula aona ngati am'bera. Kuvuta ndiko kunali kulitalikitsa. Coipa ceniceni n'cakuti silisunga pamene munthu wafika. Kabokosi kakazima, ulendo uyambiranso kumanda kwa cigawo coyamba. Mu 2019 Konami inaligulitsanso pa makina atsopano amene alola kusunga, koma makina otere si a pa salaula.

Tsiku lina mnyamatayo atapyola zisonga kwa nthawi yoyamba, kanyali kofiira ka pa kabokosi kanali katazilala kale, ndipo posacedwa zithunzi zinafufutika. M'mawa mwake anatsegula kawailesi ka ambuya mwakacetecete, nasinthanitsa mabatire. Madzulo kawailesi kanangoti zii. Ambuya anayesa kuti kafa ndi ukalamba. Patapita masiku awiri munthu wa pa njinga anafika ndi mau akuti msuwani wao anamwalira ku Chongwe, ndi kuti uthenga wa maliro unaulutsidwa pa wailesi. Anali atamuika kale.

Atate ake a mnyamata anati kabokosiko kaponyedwe m'cimbudzi. Malume, polankhula pa foni, anati asatero, pakuti mwana ali kuphunzira za makompyuta. Onse awiri anaphonya. Malume anakometsa nkhani: wodziwa kulumpha zisonga za Dracula wadziwa kulumpha zisonga za Dracula basi, ndipo palibe ofesi imene ilemba munthu nchito pa cimeneco. Koma atate naonso anaiwala kuti mwana amene agwa kosawerengeka pa dzenje limodzi, nabwerera, nasintha kaimidwe kake mpaka kuoloka, si waulesi. Ndi mtima womwewo umene ufunika poika msampha wa mbewa kapena pophunzira kupalasa bwato pa Lunsemfwa. Colakwa cake cinali ca kuba, ndipo cinagwera munthu amene sanadinde batani ngakhale limodzi.

Madzulo acitatu ambuya, amene anali cete masiku onsewo, anamuitana pa khonde.

"Mwanawe, kodi wailesi ndi ya yani?"

"Ndi yanu, Ambuya."

"Nanga maliro a msuwani wanga udzawabweza?"

Mnyamata anagwada, nayang'ana pansi, osayankha.

Ambuya anagamula kuti kabokosi sikaponyedwa, pakuti mphatso ya malume siitayidwa m'cimbudzi. Kadzakhala m'sutikesi yao. Kadzatuluka Loweruka masana pokha, madzi atatungidwa ndi mbuzi zitabwerera, ndipo kadzadya mabatire ogulidwa ndi thukuta la mwini wake. Anai oyamba adzalowa m'kawailesi.

Mnyamatayo anacita ganyu yopalira m'munda wa mphunzitsi wina masiku asanu. Ndalama zake zinakwana mabatire asanu ndi atatu pa kantemba, anai a ambuya ndi anai ake. Loweruka lacitatu anafika kwa Dracula, namkwapula kufikira atagwa. Anali atayamba kale kufuula ndi cimwemwe pamene mdaniyo anasanduka mleme waukulu, namtsiriza Christopher pomwepo.

"Kodi wamupha, mdzukulu wanga?" anafunsa ambuya ali kusankha nyemba m'licero.

"Iai, Ambuya, anasanduka mleme."

"Zoyamwa magazi zitero," anatero ambuya, natambasula dzanja. "Bweretsa kuno, dzuwa lapendeka."