Ngongole ya Ophunzira Isathere pa Chipata cha Mwanza

M'chaka cha 1997, ku Blantyre, mayiko a SADC adasainirana pangano lakuti wophunzira wochokera m'dziko lina la m'chigawochi azilipira fizi yofanana ndi ya eni dziko. Nanga fiziyo aipeze kuti? Mwana wa Mmalawi wosamalira maluwa kuno ku Faerie Glen akapeza malo pa yunivesite ya Pretoria, bungwe la NSFAS limamukana poti si nzika. Kumudzi nako, bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2015, limathandiza okhawo ophunzira m'Malawi momwemo. Motero panganolo likupindulira ana a anthu opata okha. Walira mvula walira matope: boma la Malawi, poti lidasaina nawo, lilole ngongole kutsata wophunzira kulikonse m'chigawochi, adzabweze akayamba ntchito.