Masekondi Atatu a ku Munich

Bambo Mkonzi,

Amene analemba m'nyuzipepala yanu kuti woyimbira basketball azipereka nthawi yopuma paliponse pamene mphunzitsi wakuwa, makamaka masewero akamatha, analankhula mosalingalira, pakuti walira mvula walira matope. Lamulo la FIBA, bungwe loyang'anira basketball padziko lonse, likuti mphunzitsi apemphe kwa olemba zigoli, ndipo apatsidwe pokhapokha mpira utaima kapena adani atangogoletsa.

Kodi aiwala za ku Munich mu 1972, pamene mkangano wa pempho la Soviet Union la nthawi yopuma, pa masewero ake ndi America, unachititsa kuti masekondi atatu otsiriza aseweredwe katatu, mlembi wamkulu wa FIBA, William Jones, atalowererapo wopanda ulamuliro, kufikira Alexander Belov wa Soviet Union anagoletsa, zigoli n'kukhala 51-50, ndipo anyamata a ku America akukanabe mendulo zawo zasiliva mpaka lero?

Ine wanu,
Wowerenga