Tsiku Limodzi ku Germany, Mwezi Wathunthu Kuno

M'chaka cha 2024, malipiro otsikitsitsa a wantchito wa m'minda kuno ku Moçambique anali 6,338 meticais pa mwezi. Ku Germany anali mayuro 12.41 pa ola limodzi. Ndiye kuti wogwira maola 8 kumeneko ankalandira ndalama zoposa za mwezi wathunthu kuno. Inde, nyumba ndi chakudya n'zodula kumeneko, komabe kusiyanaku n'kwakukulu.

Kodi ndife aulesi? Ayi ndithu. Lamulo lathu limati tizigwira mpaka maola 48 pa sabata, pomwe ku France ndi 35. Anzathuwo ali ndi makina, magetsi ndiponso mabungwe a antchito amphamvu okambirana za malipiro. Wolima ndi thirakitala amakolola zambiri kuposa wa khasu, ngakhale wa khasuyo atalawirira m'mbandakucha.