Nkhalamba Imene Akuti Yagwa pa Lichero

Sipapita miyezi yambiri tisanamve mbiri yakuti m'mudzi wakutiwakuti anthu adzuka mbandakucha napeza nkhalamba itakhala pakhomo pa eni, yopanda chovala, yosadziwa dzina lake kapena kumene yachokera. Ndipo mfumu isanamve n'komwe, khamu limakhala litagamula kale kuti mfiti yagwa pa lichero, ngakhale lamulo la 1911, limene likadali m'mabuku a boma, liletsa kutchula munthu mfiti. Ine ndinena kuti kawirikawiri wogwidwayo ndi wodwala, ndipo nthenda yake madokotala amaitcha dementia.

Nthendayi ili ndi mitundu. Wofala koposa, umene bungwe la WHO likuti umagwira odwala 60 kufikira 70 mwa 100 alionse, unatenga dzina la Alois Alzheimer, dokotala wa ku Germany, amene mu 1901 analandira m'chipatala cha ku Frankfurt mayi wa zaka 51, Auguste Deter, woiwala za dzulo ndi za lero, wochitira mwamuna wake nsanje yopanda maziko, wokuwa usiku. Ndipo mayiyo atamwalira mu 1906, dokotalayo anapima ubongo wake, naupeza utafota, tizinthu tachilendo titaundana pakati pa maselo ake ndi m'kati mwawo momwe.

Koma mtundu umene uyenera kutisowetsa tulo ife, okonda mchere ndi oopa kupimitsa, ndiwo wobwera ndi kuthamanga kwa magazi, shuga ndi fodya, pakuti izi zitseka timitsempha ta mu ubongo, ndipo chigawo chosowa magazi chimafa monga dimba limene ngalande yake yatsekeka kumtunda. Chiopsezo cha mtundu uwu chingachepe ndithu, munthu akamamwa mankhwala a BP mokhulupirika, osawaleka tsiku limene mutu wasiya kuwawa.

Ulipo wina, wotchedwa ndi dzina la Lewy, umene wodwala amaona ana kapena nyama m'nyumba mopanda kanthu. Ndipo tangoganizani, abale anga, gogo akanena zimenezo pamaso pa adzukulu, mawu ake adzamveka bwanji kuchitsime! Winanso umayambira kutsogolo kwa ubongo, kumene kukhala manyazi ndi ulemu, kotero kuti mkulu wampingo wa zaka 55 ayamba kutukwana ndi kuvula pagulu, nzeru zokumbukira zikadali bwino.

Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, tinkatero kale. Nanga lero moto wayakira m'dambo momwemo, adzazima ndani? Poyamba achibale awatengere akuluakulu odwalawa kuchipatala. Nthenda ya Alzheimer ilibe mankhwala ochiza, ndi zoona. Komatu kachasu, chindoko chogonera, kachilombo ka HIV, chithokomiro chofooka ndi kuchepa kwa vitamini B12 nazonso zimasokoneza mutu chimodzimodzi, ndipo zina mwa izi, zikapezeka msanga pakupima magazi, zimabwerera m'mbuyo ndi jakisoni kapena mapiritsi.