Masipeya achinyengo a injini za maboti adzaphetsa anthu panyanja

A Mkonzi,

Malonda a masipeya a injini za dizilo zoyendetsa maboti pa Nyanja ya Malawi afika poti munthu sangakhalenso chete, chifukwa pamwamba pa kukwera kwa mitengo komwe aliyense wakhala akulira nako chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, eni sitolo ena ayamba kulongedza katundu wabodza m'mabokosi a katundu weniweni n'kumamugulitsa pa mtengo wa weniweniyo mopanda manyazi. Wolemba kalatayi, amene ali ndi maboti awiri okokera khoka limodzi chakumwera kwa nyanjayi, ndi mmodzi mwa anthu omwe chinyengochi chawasiya m'ngongole, ndipo kunangotsala pang'ono kuti chimusiyenso ndi maliro a antchito ake.

N'kofunika kuti owerenga asiyanitse mitundu itatu ya masipeya, popeza ogulitsa amaisokoneza dala. Mtundu woyamba ndi umene amakaniko amautcha orijino, womwe umabwera ndi dzina ndi nambala ya kampani yopanga injiniyo, monga Yanmar kapena Perkins, ndipo ndiwo wokwera mtengo koposa. Wachiwiri ndi wopangidwa ndi kampani ina yodziwika imene imalemba dzina lake lenileni pa bokosi. Woterewu umatsikirako mtengo koma nthawi zambiri umagwira ntchito bwinobwino, pakuti ngakhale opanga injini sapanga zonse okha, amagula manozulo ndi mapampu kwa makampani ngati Bosch, Denso ndi Jabsco. Mwini boti amene wasankha mtundu wachiwiriwu chifukwa thumba laperewera akudziwa chimene wagula, ndipo palibe mlandu pamenepo. Wachitatu ndi feki, katundu wopanda mwini wake amene amavala dzina la wina, ndipo ndiye wadzetsa kalata ino.

Pokonzekera nyengo ya mwera, wolembayu anapita kusitolo ina ya masipeya m'tauni kukagula impela, mafyuluta a mafuta ndi malamba a injini, ndipo ananena momveka bwino kuti akufuna orijino chifukwa maboti ake amapita kutali ndi gombe. Impela ndi kagudumu ka labala kokhala ndi timapiko, kokwana m'dzanja, kamene kamazungulira mkati mwa pampu n'kumakoka madzi a m'nyanja kuti aziziritse injini. Galimoto imaziziritsidwa ndi mphepo yodutsa pa ladiyeta, koma injini ya boti ili pansi m'chipinda chotsekeka ndipo moyo wake wonse uli pa kagudumuka. Mwini sitolo anatulutsa bokosi lokhala ndi dzina la kampani yopanga injiniyo, analumbira kuti katunduyo wangofika kumene, ndipo analandira ndalama ya orijino yonse osachotsapo ngakhale tambala.

Masana ena a mu Julaye, mwezi womwe anthu a kunyanja amaukumbukira kuti ndimo sitima ya Vipya inamira mu 1946 n'kupha anthu 145, maboti awiri aja ali mkati mokoka khoka mwera utayamba kukuntha, injini ya boti limodzi inatentha mwadzidzidzi, nthunzi inadzaza chipinda, ndipo woyendetsa asanaizimitse inazima yokha. Boti lopanda injini silingathenso kuloza mutu ku mafunde, limatembenuka chammbali, ndipo funde lililonse limathira madzi mkati. Alovi, antchito a m'botimo, anayamba kukapa madzi ndi zidebe ndi mapoto awo ophikira, pamene woyendetsa boti linalo anaona kuti sangakoke khoka ndi mnzake nthawi imodzi, choncho anadula zingwe n'kulisiya khokalo limire ndi ndunduma zonse zomwe zinali momwemo. Anafika kugombe usiku, atanyowa ndi kutopa, mabanja awo atasonkhana kale pamchenga, amayi ena akulira poganiza kuti zatha.

Makaniko atatsegula pampu anapeza kuti timapiko ta impela tathothokera m'tsinde, labala wasiyana ndi kachitsulo kapakati kotero kuti shafuti inkangozungulira yokha, ndipo tizidutswa ta labalayo tatseka timapaipi ta choziziritsira. Kutentha kuja kunapinda hedi, ndiko kuti chivundikiro cha masilinda, kunapsereza gasiketi yomwe imatchinga kuti madzi, oyilo ndi moto zisakumane, ndipo oyilo anatuluka woyera ngati mkaka, chizindikiro choti madzi alowa mpaka m'mabeyaring'i. Kanthu kotchipa koposa pa injini yonse ndiko kanapha injini yonse, ndipo ndalama yokonzera, kuphatikiza ya khoka latsopano, yachokera kwa akatapira.

Chimene chikuwawa koposa ndi mmene mwini sitolo anamulandirira wolembayu atabwerera ndi zidutswazo m'jumbo. Poyamba anakana kuti katunduyo ndi wa m'sitolo mwake, kenako ataona lisiti anati makaniko ndiye analiza injini popanda madzi. N'zoona kuti impela yoyendetsedwa pouma imapsa m'kanthawi kochepa, popeza madzi omwewo ndi amene amaifewetsa, koma yotero imaoneka yopserera ndi yosalala kunsonga kwa timapiko, pamene iyi inasweka m'tsinde ndi kumatuka pa chitsulo chake, zomwe zimasonyeza labala woipa ndi kamamatidwe kachinyengo. Bokosi lake litaikidwa pambali pa bokosi lakale la orijino, utoto unali wosiyana, zilembo zinali zofufutika, ndipo nambala inali yomata pamwamba pa nambala ina. Mwini sitoloyo sanayankhe zimenezi, anangoloza chikwangwani chapakhoma chonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa, ngati kuti chikwangwani chingafafanize lamulo loteteza ogula lomwe Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa mu 2003. Lisiti nalonso linali la pamanja, lolembedwa mawu amodzi okha akuti masipeya, lopanda nambala ya chipangizo, ndipo atafunsidwa lisiti la makina a msonkho anati makinawo afa.

Za maofesi ndiye n'zomvetsa chisoni. Kupolisi anati nkhaniyi si yawo, ndi ya wogula ndi wogulitsa. Kuofesi ina anati katunduyo ayenera kukayezedwa mumzinda ndipo wodandaula alipire yekha zoyezera ndi thiransipoti, munthu amene maboti ake ali pamtunda ndipo sakupeza ngakhale ya ufa. Kuofesi inanso anati alembe kalata, kalatayo italembedwa anati bwana woyenera kuisayina apita kumsonkhano kunyanja, kunyanja komweko kumene wodandaulayo wachokera, ndipo mpaka lero palibe foni kapena yankho. Komatu maofesi ena a boma lomweli sachedwa kufika padoko nthawi yotolera ndalama za ziphaso ikakwana, amawerenga majekete opulumutsira anthu n'kulipiritsa chindapusa likasowa limodzi, koma palibe amene analowapo m'sitolo za masipeya kukafunsa kuti zimene zikuikidwa m'mainjini zikuchokera kuti.

Vutoli silikuthera pa impela. Mafyuluta omwe anagulidwa tsiku lomwelo atadulidwa pakati anapezeka ndi kapepala kochepa kosamatidwa bwino, komwe mafuta amangokalambalala osasefedwa. Pampu ya injekita ndi manozulo, zomwe zimapopera dizilo m'silinda mwamphamvu kwambiri kuti asanduke nkhungu yoyaka, zimapangidwa ndi mipata ya mamaikuloni ochepa chabe, maikuloni imodzi kukhala gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, motero kamchenga kosaoneka ndi maso n'kokwanira kuzikanda mpaka injini kuyamba kufuka utsi wakuda ndi kumwa mafuta mopitirira. Tsono nthawi ya kusowa kwa mafuta, monga zinalili kumapeto kwa 2024, eni maboti amakakamizika kugula dizilo wa m'zigubu, wodzaza fumbi, madzi, nthawi zina wosakaniza ndi palafini, ndipo fyuluta ndiye mlonda yekhayo wotsala. Palinso amakaniko ena, osati onse, amene amagwirizana ndi eni sitolo, amalandira ndalama ya orijino n'kukagula feki, chotsalacho n'kugawana. Akuluakulu ogulitsa orijino weniweni nawo ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo kawirikawiri amati katundu palibe chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, zomwe zatsegulira khomo aliyense wobwera ndi chikwama kuchokera ku Dar es Salaam kapena Dubai.

Anyamata amene amakwera maboti amenewa ndi ana a anthu, ambiri ali ndi akazi ndi makanda, ndipo sadziwa n'komwe chomwe chili mkati mwa pampu. Amangokhulupirira kuti bwana wawo wagula zabwino. Maboti a dizilo otere amanyamulanso anthu, odwala ndi katundu pakati pa Nkhata Bay, Likoma ndi Chizumulu, kumene nyanja ndi yakuya ndipo thandizo lili kutali. Chonde, akuluakulu amvere chisoni anthu amenewa asanayambe kuwatola m'mphepete mwa nyanja.

Wolembayu akufuna kuti mwini sitolo uja abweze ndalama ya katundu wake wabodzayo ndi kulipira zokonzera injini, ndipo zidutswa za impela, mabokosi onse awiri ndi lisiti zasungidwa podikira bwalo la milandu. Akufunanso kuti ofesi yoyenera ilowe m'sitolo za masipeya za m'maboma a kunyanja, kuyambira Mangochi, Salima, Nkhotakota mpaka Karonga, ilande feki yense, ndi kulamula kuti lisiti lililonse lizionetsa dzina la wopanga ndi nambala ya chipangizo, komanso kuti kalata yomwe ili pa tebulo la bwana uja iyankhidwe mwera wina usanafike.

Mwini maboti wokhumudwa,
Mangochi